Manfred Lachs, woweruza amene adatsogolera kulemba malamulo a kuthambo

Pa 27 Januwale 1967, nthumwi za maiko ambiri zidasonkhana m'mizinda itatu, London, Moscow ndi Washington, kusaina pangano lonena za momwe maiko ayenera kuchitira akatumiza anthu ndi zombo kuthambo, kutali kupitirira kumene ndege zimauluka. Panganolo lidakhazikitsa kuti mwezi, mapulaneti ndi thambo lonse sizingakhale chuma cha dziko lililonse, ndipo lidaletsa kuika mabomba a nyukiliya m'njira zomwe masetilaiti amadutsa pozungulira dziko lapansi. Ulemu wa tsikulo udapita kwa atsogoleri a America, Britain ndi Soviet Union. Koma munthu amene adakhala wapampando wa zokambirana kuyambira 1962 mpaka 1966, kufikira mawu a panganolo atapsa, adali katswiri wa malamulo wa ku Poland, a Manfred Lachs. Panthawi yosainayo n'kuti iwo atasankhidwa kale kukhala woweruza m'khoti la dziko lonse mumzinda wa The Hague, ndipo adayamba ntchitoyo pa 6 Febuluwale chaka chomwecho.

A Lachs adabadwa pa 21 Epulo 1914, m'banja la Chiyuda, mumzinda wa Stanisławów. Mbiri ya mzindawu payokha ndi phunziro la malire a maiko. Pamene iwo ankabadwa unali pansi pa ufumu wa Austria-Hungary. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha udakhala wa Poland. Mu 1939 udalandidwa ndi Soviet Union, mu 1941 ndi Germany, mu 1944 ndi Soviet Union kachiwiri, ndipo lero uli m'dziko la Ukraine, ukudziwika ndi dzina lakuti Ivano-Frankivsk. Nyumba ndi misewu zidali zomwezo, koma mbendera inkasintha malinga ndi amene wapambana pankhondo. Sizodabwitsa kuti mwana wa mzinda wotere adathera moyo wake pa funso lakuti malo ndi a yani, nanga ndani ali ndi mphamvu yonena zimenezo.

Adaphunzira zamalamulo pa yunivesite yakale ya Jagiellonian mumzinda wa Kraków, kumene adalandira digiri ya udokotala mu 1937, ndipo adakapitiriza maphunziro ku Vienna ndi ku London School of Economics. Zaka za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adakhala ku London, ndipo kukhala kunjako n'kumene kudawapulumutsa. Kwawo ku Stanisławów, pa 12 Okutobala 1941, apolisi a Germany ndi owathandiza adawombera Ayuda zikwizikwi tsiku limodzi pamanda a Ayuda a mumzindawo, ndipo pofika chaka cha 1943 mtundu wa Ayuda udali utafafanizidwa mumzinda wonsewo. Abale a a Lachs adafera m'chipululutso chomwe chipani cha Nazi chidachita pa Ayuda. Buku lawo loyamba kudziwika, lomwe lidatuluka ku London mu 1945, linali lofotokoza chomwe mlandu wa pankhondo uli ndi momwe olakwa angazengedwere. Adakhala nawo pa milandu ya ku Nuremberg, komanso m'gulu la nthumwi za Poland pa msonkhano wa mtendere wa ku Paris mu 1946.

Anzawo ambiri a ku London adakana kubwerera kwawo poona kuti Poland yagwa m'manja mwa boma la chikomyunizimu lomvera Moscow. A Lachs adabwerera. Kuyambira 1947 mpaka 1960 adali mkulu wa nthambi ya malamulo ndi mapangano mu unduna woona za ubale ndi maiko akunja, kenaka mlangizi wa nduna, uku akuphunzitsanso pa yunivesite ya Warsaw. Palibe chifukwa chobisira kuti adatumikira boma lomwe m'zaka za Stalin linkatsekera ndi kupha otsutsa, ndipo ku bungwe la United Nations ankayankhula mokomera mbali ya bomalo. Chomwe chidawasiyanitsa ndi nthumwi zina za kum'mawa n'chakuti anthu a mbali inayo ankawakhulupirira. Katatu konse, mu 1949, 1951 ndi 1955, adasankhidwa kukhala wapampando wa komiti ya malamulo ya msonkhano waukulu wa bungweli. Adagwiranso ntchito limodzi ndi nduna Adam Rapacki, amene mu 1957 adapempha kuti chigawo chapakati cha Ulaya chikhale chopanda zida za nyukiliya. Maiko a kumadzulo adakana pempholo.

Pa 4 Okutobala 1957, dziko la Soviet Union lidaponya kuthambo setilaiti yoyamba, Sputnik, ndipo akatswiri a malamulo adapezeka ali ndi funso lomwe mabuku awo sadaliyankhe. Pangano la ku Chicago la 1944 limati dziko lililonse ndi mwini wa mlengalenga wa pamwamba pake, kotero ndege ya dziko lina singadutsemo popanda chilolezo. Koma Sputnik inkazungulira dziko lapansi pa mphindi pafupifupi 96 zilizonse, ikudutsa pamwamba pa maiko ambirimbiri. Moscow sidapemphe chilolezo kwa aliyense, ndipo palibe boma lomwe lidadandaula. Kusiyana kwake kudaonekera bwino mu Meyi 1960, pamene asilikali a Soviet Union adagwetsa ndege yaukazitape ya America ya mtundu wa U-2 chifukwa cholowa mu mlengalenga wawo, pomwe masetilaiti a America ankadutsa pamwamba pa dziko lomwelo osakhudzidwa.

Bungwe la United Nations lidakhazikitsa komiti yoona za kugwiritsa ntchito thambo mwamtendere, poyamba yongoyembekezera mu 1958, kenaka yokhazikika mu Disembala 1959. Kwa zaka ziwiri komitiyo sidagwire ntchito yooneka. Soviet Union inkaopa kuti pakakhala mavoti, abwenzi a America adzaigonjetsa nthawi zonse, choncho inkafuna kuti chilichonse chidzivomerezedwa ndi onse. America inkafuna mavoti. Adamvana mu 1962 kuti komitiyo idziyesetsa kumanga mfundo popanda kuvota. Adagawananso mipando mosamala: upampando wa komiti yonse udapita kwa Austria, dziko losatenga mbali, komiti yaing'ono ya sayansi kwa Australia, ndipo ya malamulo kwa Poland. Umu ndi momwe a Lachs adakhalira pampando.

Kutsogolera msonkhano wopanda mavoti kumafanana ndi bwalo la amfumu, pomwe mlandu sutha ndi kuwerenga manja koma ndi kukambirana mpaka aliyense atasowa chotsutsa. Wapampando alibe ndodo ina kupatula khutu ndi cholembera. Ayenera kumva pomwe mbali ziwiri zayandikana ngakhale eni ake asanazindikire, n'kupeza mawu omwe aliyense angapite nawo kwawo osaoneka wogonja. Apa mpamene luso la a Lachs lidaonekera, ndipo akuluakulu adanena kale kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kudekhako kunkafunikadi, chifukwa msonkhano woyamba, ku Geneva mu 1962, udatha popanda mgwirizano. Moscow inkafuna kuti maboma okha ndiwo adziloledwa kuchita zinthu kuthambo, osati makampani. Inkafunanso kuti masetilaiti aukazitape aletsedwe, ndiponso kuti dziko lisachite kafukufuku wosokoneza thambo popanda chilolezo cha ena. Mfundo yomalizayi idali ndi chifukwa chake: America idali ndi ntchito yotchedwa West Ford, yomwaza timasingano ta mkuwa mamiliyoni ambirimbiri kuthambo kuti tidzibweza mafunde a wailesi, ndipo akatswiri a nyenyezi m'maiko ambiri adakwiya nayo. Mu Julayi chaka chomwecho America idaphulitsa bomba la nyukiliya pamtunda wa makilomita 400 pamwamba pa nyanja ya Pacific. Magetsi ena a m'misewu ya ku Hawaii adazima, ndipo masetilaiti angapo adaonongeka pang'onopang'ono m'miyezi yotsatira, kuphatikizapo Telstar. Soviet Union nayo idaphulitsa mabomba ake m'mwamba chaka chomwecho. Mu Okutobala mkangano wa mizinga ya ku Cuba udatsala pang'ono kuyambitsa nkhondo ya nyukiliya.

Mantha a miyezi imeneyo adathandiza komwe mawu adalephera. Mu Ogasiti 1963 maiko a America, Britain ndi Soviet Union adasaina pangano loletsa kuyesa mabomba a nyukiliya mu mlengalenga, kuthambo ndi pansi pa madzi. Mu Okutobala msonkhano waukulu wa United Nations udapempha maiko kuti asaike zida zoterezi kuthambo, ndipo pa 13 Disembala udavomereza, popanda wotsutsa, chikalata cha mfundo zisanu ndi zinayi chomwe chidachokera m'zokambirana za komitiyo. Moscow idasiya nkhani ya masetilaiti aukazitape, popeza nayo idali itayamba kuponya ake. Pa nkhani ya makampani padapezeka njira yapakati yomwe ikugwirabe ntchito lero: makampani aloledwe, koma boma la dziko lawo liwapatse chilolezo, liwayang'anire, ndipo lisenze mlandu wa zochita zawo.

Chikalata cha msonkhano waukulu si pangano lomanga maiko. A Lachs ankaphunzitsa kuti mfundo zomwe maiko onse avomereza, makamaka awiri okhawo omwe adali ndi zombo za kuthambo atalonjeza kuzitsata, zidali kale ndi mphamvu yoposa malangizo wamba. Komabe ankadziwa kuti pangano lenileni likufunika. Mpata udabwera mu 1966. Mu Febuluwale chombo cha Soviet Union, Luna 9, chidatera bwinobwino pamwezi, ndipo zidaonekeratu kuti munthu apondapo posachedwa. Palibe mbali yomwe idali ndi chitsimikizo kuti ndiyo idzafike poyamba, ndipo kukayikako kudachititsa kuti onse awiri afune lamulo loletsa wofika poyamba kunena kuti mwezi ndi wake. Mu Meyi mtsogoleri wa America a Lyndon Johnson adapempha kuti pakhale pangano, ndipo pa 16 Juni maiko onse awiri adapereka zolemba zawo.

Komiti ya a Lachs idakumana ku Geneva kuyambira pa 12 Julayi mpaka pa 4 Ogasiti, n'kudzapitiriza ku New York mu Seputembala. Mbali ya America inkatsogoleredwa ndi a Arthur Goldberg, ya Soviet Union ndi a Platon Morozov. Zolemba za America zinkakamba za mwezi ndi mapulaneti okha, pomwe za Soviet Union zinkakhudza thambo lonse, ndipo pamenepa America idalolera. Chomwe chidavuta kwambiri chidali nkhani yooneka yaing'ono, ya masiteshoni a pansi otsata masetilaiti. America idali nawo m'maiko ambiri, kuphatikizapo ya ku Hartebeesthoek kufupi ndi Johannesburg, pomwe Soviet Union inkadalira dziko lake ndi sitima zapanyanja. Moscow inkafuna kuti dziko lomwe lalola siteshoni ya mbali imodzi likakamizidwe kulolanso ya mbali inayo. Maiko osunga masiteshoniwo adakana kulandidwa ufulu wosankha alendo awo. Mapeto ake adalemba kuti pempho lotere lidziganiziridwa mosakondera, koma kuvomera kwake kukhale kwa mwini dziko. Pa 19 Disembala 1966 msonkhano waukulu udavomereza panganolo, la magawo 17, ndipo lidayamba kugwira ntchito pa 10 Okutobala 1967.

M'komitiyo mudali maiko 28, ndipo a mu Africa adali anayi okha: Egypt, Chad, Morocco ndi Sierra Leone. Kumwera kwa Africa kunalibe woimira. Ngakhale zidali choncho, maiko osauka adasiya chidindo chawo m'gawo loyamba, lomwe limati ntchito za kuthambo zipindulire maiko onse posayang'ana kulemera kapena kutsogola kwawo pa sayansi. Gawo lachiwiri, loletsa dziko kutenga malo kuthambo mwa kulengeza, kukhalapo kapena njira ina iliyonse, limamveka mwapadera kwa anthu a kontinenti yomwe idagawidwa potsata malamulo a msonkhano wa ku Berlin wa 1884 ndi 1885. Kumeneko lamulo lidali lakuti wofika n'kukhazikika ndiye mwini. Pangano la 1967 lidatembenuza lamulo limenelo malo ake asanapondedwe n'komwe.

Usiku wa tsiku losainalo, amuna atatu okonzekera ulendo wa Apollo, a Gus Grissom, a Ed White ndi a Roger Chaffee, adapsa m'chombo chawo chili pansi ku Florida. Mu Epulo a Vladimir Komarov a ku Soviet Union adafa pobwerera kuchokera kuthambo. Imfazi zidafulumizitsa pangano lachiwiri, la 1968, lokhudza kupulumutsa ndi kubweza oyenda kuthambo. Lina la chipukuta misozi lidatsatira mu 1972, ndi lina la kalembera wa zombo mu 1975. Onsewa adangokulitsa mfundo zomwe zidali kale m'pangano loyamba. Lamulo la chipukuta misozi lidayesedwa mu 1978, pamene setilaiti ya Cosmos 954 idamwaza zidutswa za nyukiliya kumpoto kwa Canada, ndipo Soviet Union idalipira madola a ku Canada 3 miliyoni mu 1981.

Kumvana popanda mavoti kuli ndi mtengo wake, ndipo panganoli lidalipira. Silinena pomwe mlengalenga wa dziko umathera ndi pomwe thambo limayambira, ndipo mpaka lero malirewo sadalembedwe. Limati mwezi ndi mapulaneti ndi za mtendere zokhazokha, koma m'njira za masetilaiti limaletsa zida zopha anthu miyandamiyanda zokha, kotero masetilaiti a asilikali ndi ololedwa. Silikamba za zinyalala, zomwe zidachuluka China itaphwanya setilaiti yake ndi mzinga mu 2007 ndi Russia mu 2021. Silinena poyera ngati kampani ingagulitse miyala yokumbidwa pamwezi, ndipo America mu 2015 ndi Luxembourg mu 2017 adakhazikitsa malamulo olola zimenezo. Lonjezo lakuti onse apindule nalo lidaoneka lopanda mano msanga. Mu 1976, pa msonkhano wa ku Bogotá, maiko a pa mzere wa ikweta, kuphatikizapo Congo, Zaire, Uganda ndi Kenya, adanena kuti njira ya masetilaiti ya pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pawo ndi chuma chawo, poopa kuti maiko olemera aidzaza iwo asanafikeko. Maiko ena adakana, potchula gawo lachiwiri lomwe lija. Ngakhale pali mipata yotereyi, maiko oposa 110 ali m'panganoli, ndipo palibe lomwe lidanenapo kuti mwezi ndi wake.

A Lachs adalowa m'khoti la The Hague pa nthawi yomwe mbiri ya khotilo idali pansi, makamaka mu Africa. Mu Julayi 1966 lidataya mlandu womwe Ethiopia ndi Liberia adasumira South Africa pa ulamuliro wake ku South West Africa, lero Namibia, ponena kuti odandaulawo analibe gawo pankhaniyo. Oweruza adagawanika pakati, ndipo voti ya pulezidenti wa khotilo, a Percy Spender a ku Australia, ndiyo idadula mlandu. Woweruza wa ku Poland amene a Lachs adalowa m'malo mwake, a Bohdan Winiarski, adali ku mbali yotaya mlanduwo. Pa 21 Juni 1971 khoti lomwelo, a Lachs ali m'gulu la oweruza 13 otsutsana ndi awiri, lidalangiza kuti kukhala kwa South Africa ku Namibia n'kosemphana ndi malamulo ndipo iyenera kuchoka. Padapitabe zaka 19 kuti Namibia ilandire ufulu, koma kuyambira tsiku limenelo boma la Pretoria lidalibenso pobisala m'malamulo.

Thambo sadaliiwale. Mu 1969, pa mlandu wa malire a pansi pa nyanja ya North Sea, adasiyana maganizo ndi anzawo ambiri, ndipo adagwiritsa ntchito chitsanzo cha masetilaiti oyamba aja, odutsa popanda chilolezo komanso popanda wodandaula, posonyeza kuti lamulo la chizolowezi pakati pa maiko lingathe kukhazikika m'zaka zochepa. Mu 1972 adatulutsa buku lawo lotchuka, The Law of Outer Space.

Adakhala pulezidenti wa khotilo kuyambira 1973 mpaka 1976, ndipo chigamulo chodziwika kwambiri cha nthawiyo ndi chomwe chidadzudzulidwanso kwambiri. Australia ndi New Zealand adasumira France chifukwa choyesa mabomba a nyukiliya mu mlengalenga ku Pacific. France idakana kubwera kukhoti. Mu Disembala 1974 khotilo lidati popeza akuluakulu a France adali atalengeza poyera kuti asiya kuyesa mabomba mu mlengalenga, mawuwo akuwamanga ngati lonjezo, choncho palibenso choti chigamulidwe. Funso lenileni, ngati kuyesako kudali kololedwa, silidayankhidwe, ndipo France idapitiriza kuyesa mabomba pansi pa nthaka mpaka 1996. Apa padaoneka dzanja la wapampando wa ku Geneva uja, lozolowera kupeza khomo lomwe onse angatulukire. Luso limenelo n'lofunika kwa kazembe, koma amene wapita kukhoti amayembekeza kumva kuti wolakwa ndani.

Maiko a mu Africa adapitiriza kuwakhulupirira. Adatsogolera oweruza atatu amene adagamula malire a panyanja a Guinea ndi Guinea-Bissau mu 1985, ndipo adali m'gulu lomwe lidagamula malire a Burkina Faso ndi Mali mu 1986, maiko awiriwa atamenyana nkhondo yaifupi pa Khirisimasi ya 1985. America ndiyo idawakayikira. Potuluka m'mlandu womwe Nicaragua idaisumira, boma la Washington lidanena mu 1985 kuti silingapereke zinsinsi zake kukhoti lomwe lili ndi oweruza awiri a m'maiko ogwirizana ndi Moscow. M'chigamulo cha 1986 a Lachs adayankha m'ndemanga yawoyawo kuti woweruza saimira boma la kwawo. Kwawoko nakonso zinthu sizidawayendere mophweka: mu 1968 boma la Poland lidachotsa ntchito Ayuda ambiri, zikwi zambiri n'kuchoka m'dzikolo, ndipo a Rapacki, bwana wawo wakale, adachoka pa unduna chaka chomwecho.

Adasankhidwanso kawiri, ndipo adakhala woweruza zaka pafupifupi 26. Adamwalira ku The Hague pa 14 Januwale 1993, akadali pa ntchito, ali ndi zaka 78. Panthawiyo adalinso pulezidenti wa bungwe la akatswiri a malamulo a kuthambo la International Institute of Space Law, lomwe lidatcha dzina lawo mpikisano wake wa pachaka wa ophunzira zamalamulo. Mu mpikisanowu ophunzira amatsutsana pa mlandu wongopeka wa zochitika kuthambo, ndipo ndime yomaliza imaweruzidwa ndi oweruza atatu a khoti la The Hague. Mu 2018, mumzinda wa Bremen ku Germany, ophunzira a yunivesite ya Pretoria adapambana mpikisanowu, koyamba kuti chikho chake chibwere mu Africa.